Polumikizira Mutu ndi Mpini: Mbiri ya Umisiri wa Ndodo za Gofu

Ndodo ya gofu ili ndi zigawo zitatu: mutu umene umamenya mpira, mpini wautali umene osewera amautchula kuti shaft, ndi chogwirira cha kumapeto. Malo amene akhala akuvutitsa amisiri kwa zaka zoposa 500 ndi pamene mutu umakumana ndi mpini. Mphamvu zonse za wosewera zimadutsa pamenepo, ndipo pa driver, ndodo imene imaponya mpira kutali kuposa zonse, mutu umafika pa mpira ukuthamanga liwiro loposa makilomita 170 pa ola ngati ndodoyo ili m'manja mwa katswiri. Khasu loguluka pa mpini silingalime ngakhale litathwa chotani, ndipo ndodo ya gofu nayo ndi chimodzimodzi. Pa driver za masiku ano, mutu ndi mpini zimalumikizidwa ndi kachitsulo kopepuka kotchedwa adaputa, kamene munthu wa zipangizo zochepa akhoza kukachotsa ndi kuika kena ali kunyumba kwake. Ntchito yaing'onoyi ndi imene yatsala pa umisiri umene kale unkadyetsa mabanja athunthu.

Gofu monga akudziwikira lero anakulira ku Scotland. M'chaka cha 1457, mu ulamuliro wa Mfumu James II, nyumba ya malamulo ya dzikolo inaletsa gofu ndi mpira wa miyendo chifukwa anyamata ankathera nthawi ku masewerawo m'malo mophunzira kuponya mivi. Amisiri a mauta omwewo ndi amene amapezeka koyamba m'zolembedwa ngati opanga ndodo za gofu. Mabuku a chuma cha mfumu amasonyeza kuti mu 1502 James IV anagula ndodo kwa mmisiri wa mauta wa mumzinda wa Perth, ndipo mu 1603 James VI anasankha William Mayne wa ku Edinburgh kuti azimupangira mauta ndi ndodo za gofu. Zimenezi n'zomveka. Wopanga uta ankadziwa kale kusankha mtengo, kuuumitsa bwino, ndi kuusema kuti uzipindika n'kubwerera m'malo mwake osathyoka.

Ndodo za nthawi imeneyo zinali za mitengo iwiri yosiyana. Mutu, umene unali wautali ndi woonda, unkasemedwa kuchokera ku mitengo yolimba monga beech, apulo, peyala wa ku Ulaya kapena hawthorn. Kumbuyo kwake ankathirako mtovu kuti ulemere, ndipo kumunsi kwa nkhope yake ankaikako kachidutswa ka nyanga ya nkhosa kuti usaperepeseke ukamakhula pansi. Mpini unali wa mtengo wa ash kapena hazel. Polumikiza ziwirizi, mmisiri ankadula khosi la mutu mopendekera, n'kudulanso nsonga ya mpini mopendekera chimodzimodzi, kuti mbali ziwirizo zigonerane bwinobwino. Ankazimata ndi guluu wophika kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, kenako n'kukulunga malo onsewo ndi ulusi wopaka phula, mzere uliwonse kugundana ndi unzake. Anthu a ku Scotland ankatchula kalumikizidwe kameneka kuti scare. Ubwino wake unali woti mpini ukathyoka, zimene zinkachitika kawirikawiri, mmisiri ankamasula ulusi, kufewetsa guluu ndi nthunzi kapena madzi otentha, n'kuikapo mpini wina popanda kuwononga mutu. Choncho kusintha mpini n'kwakale ngati gofu yemweyo.

Zaka za m'ma 1800 ndi pamene umisiriwu unafika pachimake. Banja la McEwan linakhala likupanga ndodo kuyambira mu 1770, poyamba ku Edinburgh kenako ku Musselburgh. Ku St Andrews kunali Hugh Philp, kalipentala amene bungwe la osewera gofu la kumeneko linamusankha kukhala mmisiri wawo mu 1819, ndipo mitu imene ankasema inali yokongola moti ena ankaba dzina lake n'kulidinda pa ndodo zawo. Philp atamwalira mu 1856, ntchito inapita m'manja mwa wachibale wake Robert Forgan, amene anaikulitsa kwambiri. Nthawi yomweyo zinthu ziwiri zinasintha kapangidwe ka ndodo. Choyamba chinali mpira wa gutta-percha, wopangidwa kuchokera ku utomoni wa mtengo wa ku Malaya, umene unabwera cha mu 1848 m'malo mwa mpira wachikopa wodzaza nthenga. Mpira watsopanowu unali wotsika mtengo koma wolimba, ndipo unkang'amba mitu yoonda ija, motero amisiri anayamba kusema mitu yaifupi ndi yonenepa. Chachiwiri chinali mtengo wa hickory wochokera ku America, umene unaposa ash pa kulimba ndi kubwerera msanga ukapindika. Pofika kumapeto kwa zaka zimenezo, mpini wa ndodo yabwino unali wa hickory basi.

Hickory ankafuna diso ndi manja. Mipini iwiri yochokera ku mtengo umodzi sinkapindika mofanana, ndiye mmisiri ankaipala pang'onopang'ono, kuipinda pa bondo, kuigwedeza m'manja, n'kupalanso mpaka itagwirizana ndi kamenyedwe ka mwini wake. Ikatha ankaipaka mafuta a linseed kuti chinyezi chisalowe, popeza mpini wonyowa unkakhota. N'chifukwa chake wosewera wa ntchito pa bwalo lililonse la gofu ankayenera kukhalanso mmisiri, ndipo kanyumba kake kankanunkhira phula, guluu ndi utuchi. Tom Morris wamkulu, amene anapambana mpikisano wa Open kanayi, anali ndi malo ake opangira ndodo pafupi ndi dzenje lomaliza la bwalo la St Andrews. Ndodo za mitu ya chitsulo zinali ndi njira yakeyake: osula zitsulo, monga Tom Stewart wa ku St Andrews komweko, ankasula mutu wokhala ndi khosi la mphako, ndipo wopanga ndodo ankasongola mpini, kuulowetsa m'khosimo, n'kukhomera kamsomali kopingasa kuti usatuluke.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 njira ya mphakoyi inafikanso ku ndodo za mitu ya mtengo. M'malo modula mopendekera, amisiri anayamba kuboola khosi la mutu n'kulowetsamo nsonga ya mpini. Njirayi inali yachangu ndipo inkatheka ndi makina, komanso inagwirizana ndi mtengo wa persimmon wa ku America, umene unali wolimba mokwanira kuti khosi loboola lisang'ambike msanga. Ulusi sunachoke. Unkakulungidwabe pakhosi kuti mtengo usatseguke, ndipo anthu anapitiriza kuuona pa ndodo za persimmon mpaka m'ma 1980.

Mpini wa chitsulo unayesedwa kale ndithu malamulo asanauvomereze. Thomas Horsburgh, wosula zitsulo wa kufupi ndi Edinburgh, analembetsa mpini wake wa chitsulo m'ma 1890, koma unali wolemera. Arthur Knight wa ku Schenectady m'chigawo cha New York analembetsa mpini wa chitsulo cha mphako mu 1910. Mabungwe awiri amene amasunga malamulo a gofu anazengereza: USGA ya ku America inavomereza mu 1924, ndipo R&A ya ku St Andrews inatsatira mu 1929. Mu 1930 Bobby Jones anapambana mipikisano yonse inayi ikuluikulu ya nthawiyo ndi mipini ya hickory, koma chaka chotsatira Billy Burke anatenga chikho cha US Open ndi mipini ya chitsulo, ndipo zaka zochepa zitadutsa hickory anali wa okalamba okha. Makampani ena ankakuta chitsulocho ndi pulasitiki wa mtundu wa mtengo kuti ogula asachite nacho chilendo.

Kusinthaku kunawapweteka amisiri akale. Mipini ya chitsulo inkatuluka m'fakitale yofanana, moti ndodo zinayamba kugulitsidwa m'magulu okhala ndi manambala, ndipo luso lopala hickory linasowa womulipira. Ndodo zinachuluka m'zikwama za osewera mpaka malamulo anaika malire a ndodo 14, ku America mu 1938 ndipo ku Britain mu 1939. Chimene chinatsalira m'manja mwa mmisiri wa pa bwalo chinali kukonza: kukulunganso ulusi womasuka, kusintha chogwirira, ndi kuzula mpini wopindika. Ntchito yomalizayi inali yotopetsa, chifukwa mpini wa chitsulo unkakhomeredwa mothina m'khosi n'kumangidwa ndi kamsomali kapena kabawuti kobisika kumbuyo kwa mutu, kamene kankayenera kupezedwa ndi kuchotsedwa kaye.

Chimene chinafewetsa zonse ndi guluu wa epoxy. Guluu ameneyu amabwera m'zigawo ziwiri zimene zimauma pokhapokha zikasakanizidwa, ndipo kampani ya Ciba ya ku Switzerland inayamba kumugulitsa ndi dzina la Araldite m'ma 1940. Pofika m'ma 1960 ndi 1970 opanga ndodo anali ataona kuti epoxy payekha akhoza kugwira mutu popanda msomali. Ali ndi khalidwe linanso limene linakhala maziko a ntchito yonse ya masiku ano: akatenthedwa mokwanira amafooka n'kusiya chimene wagwira. Munthu wokhala ndi vayisi, moto wa gasi ndi timabotolo tiwiri ta guluu tsopano akanatha kuchita zimene kale zinkafuna zaka za kuphunzira. Ku America kunabadwa makampani ogulitsa mitu, mipini ndi zogwirira padera kudzera pa positi. Carl Paul anayambitsa Golfsmith mu 1967, ndipo Ralph Maltby, amene mu 1974 anatulutsa buku lalikulu lofotokoza kapangidwe ndi kakonzedwe ka ndodo, anatsegula GolfWorks ku Newark m'chigawo cha Ohio mu 1976. Umisiri umene unachoka m'tinyumba ta pa bwalo n'kupita ku mafakitale unabwereranso kwa anthu wamba, ulendo uno m'magalaja a nyumba zawo.

Mpini wa graphite unabweretsa vuto limene amisiri a chitsulo sankalidziwa. Frank Thomas, injiniya wobadwira ku South Africa amene ankagwira ntchito ku kampani ya Shakespeare ku America, anapanga mpini wotere mu 1969, ndipo m'zaka zoyambirira za m'ma 1970 kampani ya Aldila inayamba kuigulitsa yambiri. Mpini wa graphite umapangidwa ndi timaulusi ta kaboni tokulungidwa m'mizere yopingasana, ndipo chimene chimatigwirizanitsa ndi utomoni wa mtundu womwewo wa epoxy. Apa ndiye pagona nkhani. Kutentha kumene kumamasula guluu wa pakhosi kukhozanso kumasula mpini weniweniwo. Pa mpini wa chitsulo, mmisiri ankatenthetsa khosi n'kupotokola mutu ndi dzanja mpaka utachoka. Akachita zomwezo pa graphite wotentha, timaulusi ta kunsonga timamasukana, mpini n'kuwonongeka mkati ngakhale kunja ukuoneka wabwino. Motero panabwera chipangizo chozulira mpini, chimene chimagwira mpini m'mphira n'kumakankha mutu molunjika popanda kuupotokola ngakhale pang'ono. Lamulo la ntchitoyi kuyambira nthawi imeneyo ndi loti graphite amakokedwa, sapotokoledwa.

Mitu nayo inasintha mofulumira. Gary Adams anayambitsa TaylorMade mu 1979 ndi driver ya mutu wa chitsulo cha mphako, Callaway inatulutsa Big Bertha mu 1991, ndipo titaniyamu anatsatira pakati pa zaka za m'ma 1990. Mitu inakulirakulira mpaka malamulo anaiimitsa pa ma cc 460. Ulusi wa pakhosi unatha ntchito, ndipo m'malo mwake munatsala kamphete kakuda ka pulasitiki kotchedwa ferrule, kamene kamabisa polumikizira ndi kuteteza graphite kuti asachekedwe ndi mlomo wa chitsulo.

Maganizo opanga ndodo yotha kusinthidwa sanali atsopano, pakuti banja la Urquhart ku Edinburgh linkagulitsa ndodo ya chitsulo ya nkhope yotembenuzika m'ma 1890. Koma kwa zaka zambiri pa ndodo ngati driver malamulo ankangolola kusintha kulemera kwa mutu basi, ndipo mwayi umenewu ndi umene TaylorMade inagwiritsa ntchito mu 2004 pa driver ya r7 Quad, imene inali ndi timabawuti tolemera totha kusunthidwa. Pa 1 January 2008 USGA ndi R&A zinalola mitundu ina ya kusintha, malinga ngati kusinthako kukufuna chipangizo chapadera, zigawo zonse zikumangika zolimba, ndipo ndodoyo ikukhalabe yovomerezeka mulimonse mmene yaikidwira. Chaka chomwecho Callaway inatulutsa I-MIX, ya mitu ndi mipini yogulitsidwa padera yomangidwa ndi sipanala. Mu 2009 kunabwera R9 ya TaylorMade, imene adaputa wake ankakhala m'njira zisanu ndi zitatu, komanso STR8-FIT ya Nike. Titleist inatsatira mu 2010 ndi SureFit Tour ya njira 16, ndipo m'zaka zochepa pafupifupi driver iliyonse ya kampani yaikulu inali ndi adaputa.

Kagwiridwe ka ntchito ka adaputa n'kosavuta kumvetsa. Ndi kachubu, kawirikawiri ka aluminiyamu, kolemera magalamu ochepa. Kumwamba kwake kuli dzenje limene nsonga ya mpini imamatidwamo ndi epoxy, kumunsi kuli mano a bawuti, ndipo m'mbali muli timano tolumana ndi ta m'khosi la mutu. Kabawuti kolowera kunsi kwa mutu ndi kamene kamakoka adaputa n'kumumanga. Chinsinsi chake n'choti dzenje la mpini silinaboledwe molunjika kwenikweni koma mopendekera pang'ono, mwina digiri imodzi kapena madigiri awiri. Adaputa akatembenuzidwa, mpini umalowa m'mutu mopendekera kwina, ndipo zimenezi zimasintha kutukuka kwa nkhope, kumene ikuyang'ana, ndi mmene mutu ukukhalira pansi. Makampani ena, monga Callaway, anaika timphete totembenuzika padera kuti mpini usazungulire pamodzi ndi kusinthako.

Wosewera tsopano akhoza kuchotsa mpini ndi sipanala m'masekondi ochepa, komabe guluu sanachoke pa ndodo. Anangosamukira pakati pa mpini ndi adaputa. Ndiponso kampani iliyonse ili ndi adaputa wakewake wosalowa m'mutu wa kampani ina, ndipo nthawi zina kampani yomweyo imasintha kapangidwe pakapita zaka. Munthu amene ali ndi mpini umene amaukonda, mwinanso wodula kuposa mutu, akagula mutu wa kampani ina amayenera kuchotsa adaputa wakale n'kuika woyenera. Chimodzimodzi amene wagula mpini wogwiritsidwa kale ntchito pa intaneti, kapena amene mano a adaputa wake aphwanyika. M'mizinda ikuluikulu ya ku America ndi ku Ulaya ntchitoyi imachitika m'masitolo a gofu pa mtengo wochepa. Kwa wosewera wa pa Lilongwe Golf Club kapena Blantyre Sports Club, amene zipangizo zake zambiri zimachokera kunja, kudziwa kuichita yekha kumapulumutsa ulendo ndi ndalama.

Ntchito imayamba ndi kuyeza, moto usanayatsidwe. Nsonga za mipini ya driver zimabwera m'makulidwe awiri, mainchi 0.335 ndi 0.350, ndiye kuti pafupifupi mamilimita 8.5 ndi 8.9. Kusiyanako sikuoneka ndi maso, koma mpini wa 0.350 sungalowe mu adaputa wa 0.335, ndipo kuupala kuti ulowe n'kuupha, chifukwa kumachotsa timaulusi timene timaupatsa mphamvu. Mpini wochepa mu adaputa wamkulu umafuna kachitsulo kopyapyala kodzazira mpata. Maadaputa ena amasiyananso malinga ndi dzanja la wosewera, popeza zilembo za wamanzere ndi wamanja sizitanthauza zofanana. Mmisiri wosamala amalemba utali wa ndodo yonse ndi kumene chizindikiro cha mpini chayang'ana asanamasule chilichonse.

Akamasula kabawuti ndi kuika mutu pambali, amayamba ndi ferrule. Amaitenthetsa pang'ono kuti ifewe, n'kuicheka ndi mpeni wakuthwa mosamala kuti mpeniwo usakande graphite. Kenako mpini umamangidwa m'chozulira, ndipo chokankhira chimakhazikidwa pa mlomo wa adaputa n'kumangidwa kuti chiyambe kukankha. Kutentha kumachokera ku makina opemerera mpweya wamoto otchedwa heat gun, ndipo kumalunjikidwa pa adaputa yekha, mozungulira mbali zonse, osati pa mpini. Ena amakulunga kansalu konyowa pamwamba pa adaputa kuti mpini usatenthe. Moto wa gasi umagwira msanga koma ndi wa anthu ozolowera, chifukwa aluminiyamu woonda amatentha m'kanthawi kochepa. Mmisiri amatenthetsa pang'ono, kuwonjezera mphamvu ya chozulira, kudikira, n'kutenthetsanso. Guluu akagonja, adaputa amasuntha yekha, ndipo moto umazimitsidwa pomwepo kuti chozulira chimalize ntchito. Kuika mphamvu kaye kenako moto ndi kumene kumateteza mpini, pakuti adaputa amachoka pa nthawi yeniyeni imene guluu wafooka, graphite asanapse.

Wopanda chozulira ayenera kusankha chimene akufuna kupulumutsa. Ngati chofunika ndi mpini, adaputa wakale akhoza kuchekedwa m'litali ndi kamacheka kozungulira, mosafika pa graphite, n'kutsegulidwa atatenthedwa pang'ono. Ngati chofunika ndi adaputa ndipo mpini unathyoka kale, chotsalira chake chimatenthedwa n'kukokedwa kapena kuboledwa. Kugwira adaputa ndi pulayala n'kumupotokola ndi njira imene yawononga mipini yambiri yabwino, ndipo n'kulakwa kuiona ngati yachidule.

Nsonga ikazizira imayang'anidwa bwino. Ikakhala yofewa poifinya, yotupa, kapena yoonetsa timaulusi tomwazika, mpiniwo watha, ndipo suyenera kuikidwanso, chifukwa mutu wothyoka pakati pomenya mpira umauluka n'kuvulaza anthu. Ikakhala yabwino, guluu wakale amapalidwa ndi sandipepa mpaka pataoneka graphite wotuwa wopanda kunyezimira. Pa mpini watsopano, penti ya kunsonga imachotsedwa kufikira pamene adaputa ndi theka la ferrule zidzathere, osapitirira. Cholinga n'kukhakhalitsa pamwamba kuti guluu apeze pogwira, osati kuchepetsa mpini. Kabowo ka mkati mwa nsonga kamatsegulidwa ngati katsekeka ndi guluu wakale, kuti mpweya upeze potulukira. Kakapanda kutsegulidwa, mpweya wopanikizika umabweza adaputa guluu asanaume. Mkati mwa adaputa namo mumakhakhalitsidwa, ndipo mbali zonse ziwiri zimapukutidwa ndi acetone kapena spirit. Acetone amayaka msanga, choncho sayandikitsidwa ku heat gun yotentha, ndipo ntchito yonse imafuna malo opita mphepo chifukwa utsi wa epoxy ndi fumbi la graphite si zabwino m'chifuwa.

Guluu asanasakanizidwe, zonse zimayesedwa zouma. Ferrule imalowa koyamba, ndipo kuiwala zimenezi kumatanthauza kuyambiranso ntchito yonse. Adaputa amalowetsedwa mpaka atagunda, kawirikawiri inchi imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo malowo amaikidwa chizindikiro. Apa ndi pamenenso pamaonekera ngati utali wa ndodo usinthe, chifukwa mitu ya makampani osiyana simeza mpini mofanana. Kudula kunsonga kumalimbitsa mpini, pamene kudula kuchogwirira kumangoufupikitsa, ndiye utali umakonzedwa kuchogwirira pokhapokha ngati wopanga mpini walangiza zina. Malamulo salola ndodo yopitirira mainchi 48, kupatula putter, ndodo yogubuduzira mpira ku dzenje, ndipo kuyambira mu 2022 okonza mipikisano ikuluikulu ali ndi ufulu wotsitsa malirewo kufika pa mainchi 46.

Epoxy woyenera ndi wopangidwira ndodo za gofu, amene amapirira kugunda komanso amagonja pa kutentha kosawononga graphite. Guluu wa m'sitolo wouma m'mphindi zisanu amakonda kukhala wophwanyika, ndipo wina wopirira moto kwambiri amachititsa kuti adaputa asadzachokenso mpini uli wamoyo. Zigawo ziwirizo zimayezedwa monga wopanga wanenera n'kusakanizidwa mpaka mtundu utafanana ponseponse. Amapakidwa mopyapyala pa nsonga ndi m'mbali mwa dzenje la adaputa. Wochuluka amakwera m'kati mwa mpini n'kuuma ngati kamwala, kamene kakhoza kuduka n'kumagogoda m'katimo, kapena amatsikira ku mano a bawuti n'kuwatseka. Pofuna kupewa zimenezi, amisiri amatseka kumunsi kwa dzenje ndi kachidutswa ka tepi ngati adaputayo alibe chotsekera chake. Adaputa amalowetsedwa akuzunguzidwa pang'ono kuti guluu afalikire, ndipo kuzunguza kumeneku kulibe vuto popeza mpini ndi wozizira.

Chotsatira ndi kulunjikitsa, ndipo chiyenera kuchitika guluu akadali wofewa. Chilembo cha adaputa chosonyeza kakhalidwe kake ka nthawi zonse chimayang'anitsidwa kumene mwini ndodo akufuna kuti chizindikiro cha mpini chikhale, pansi kapena pamwamba. Zimenezi n'zofunika kwambiri ngati chogwirira chili ndi kamzere kokwera kumbuyo kothandiza zala kupeza malo ake, chifukwa adaputa akalowa mokhota, kamzereko kamasokeretsa manja pa kumenya kulikonse. Ferrule imakankhidwa mpaka itagundana ndi adaputa, guluu wotuluka amapukutidwa nthawi yomweyo, ndipo mpini umaimikidwa chilili adaputa ali pansi.

Epoxy wa gofu wouma pang'onopang'ono amafuna maola 24, ndipo m'nyengo yozizira amafuna ochulukirapo. Wotsala pa kapepala kosakanizira amasungidwa pambali ngati mboni: akauma gwa, ndiye kuti wa mu adaputa naye wauma, ndipo akakhala wonyata ndiye kuti kusakaniza sikunayende bwino ndipo ntchito iyenera kubwerezedwa. Nthawi ikakwana, mutu umabwezeredwa ndipo kabawuti kamayambidwa ndi zala kuti mano alumane bwino, kenako kamamangidwa ndi sipanala yake yapadera mpaka italira kuti kha, kulira kosonyeza kuti mphamvu yakwana. Sipanala wamba imamanga mopyola n'kudya mano a aluminiyamu, kapena imasiya mutu ukugwedera. Ndodo imayesedwa koyamba ndi mipira ingapo yomenyedwa mofatsa pamalo opanda anthu kutsogolo. Kusintha kulikonse kwa adaputa kumayenera kutha wosewera asanamenye mpira woyamba wa ulendo wozungulira bwalo, chifukwa malamulo a gofu salola kusintha dala kakhalidwe ka ndodo masewera ali mkati, kupatula kumanganso kabawuti kamene kamasuka kokha n'kubwezera mutu mmene unalili.